Mazombi atabuka mu Lusaka, mungatuluke pakhomo mutavala nsapato iti?

Mnyamata wa ku Chelstone: Akuluakulu, ndili ndi funso ndipo ndikupempha tilitenge mwachifatse. Tiyerekeze kuti mliri uja timauona m'mafilimu wafika kuno: munthu akalumidwa amasanduka, nayenso n'kuyamba kusaka amoyo. Mafuta atha, minibasi zaima, Great East Road yadzaza magalimoto osiyidwa. Boma la Lusaka lokha muli anthu oposa 2 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2022, ndiye kukhala m'tauni sikungatheke. Chotsala ndi mapazi. Mwapatsidwa mwayi wotenga nsapato imodzi yokha. Mutenga iti? Ine mtima wanga uli pa safety boot ya chitsulo kutsogolo. Mano a munthu sangaboole chikopa chokhuthala chija, komanso ukhoza kuthyola nayo chitseko.

Womanga nyumba wa ku John Laing: Mphwanga, nsapato imeneyo ndimaivala kuntchito kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndiye ndikuuze zimene imachita. Chitsulo cha kutsogolo chinapangidwa kuti chipirire mphamvu ya majoule 200, kutanthauza ngati chinthu cha makilogalamu 20 chitakugwera pa zala kuchokera pa mita imodzi. Pa ntchito yonyamula mabuloko ndi yabwino kwambiri. Koma anaipangira munthu woima ndi kuzungulira pamalo amodzi, osati wa ulendo. Chitsulo sichipindika, sichitanuka. Phazi likatupa masana, chala chachikulu chimakhula pa chitsulo, ndipo potsika chitunda zikhadabo zimagunda kutsogolo mpaka kuda n'kuzuka. Anzanga ambiri akaweruka amaivula n'kuiika m'chikwama, kenako n'kuvala ina yopepuka yopitira kunyumba.

Chimene ndingaiyamikire ndi chapansi. Zina zili ndi kachitsulo kopyapyala mkati mwa chopondera, kotchinga msomali. Si zonse, uyenera kufunsa pogula. M'makomboni athu muli misomali, zidutswa za malata ndi mabotolo osweka paliponse, ndipo munthu wothawa sayang'ana pansi.

Wothamanga wa ku Kalingalinga: Ine ndikuona kuti funso layambira polakwika. Mukuganiza zomenyana nawo. Amene adzapulumuke ndi amene sadzalola kuti amufike pafupi n'komwe. Tiwerengere limodzi. Kuchoka m'tauni kufika ku Chongwe ndi makilomita pafupifupi 45, ku Kafue chimodzimodzi. Pa kilomita imodzi munthu amaponda maulendo ngati 1,300, ndiye pa ulendo wonsewo mapazi ako awiri anyamula nsapato maulendo oyandikira 60,000. Ukamayenda makilomita 5 pa ola, ndi maola 9 osapuma. Tsopano onjezera theka la kilogalamu ku phazi lililonse. Pofika ku Silverest ntchafu zidzakhala zitayamba kale kulira. Nsapato yothamangira, yopepuka, yokhala ndi timano pansi togwira dothi, ndi yomwe ndingatenge. Ikanyowa imauma msanga, ndipo ukafuna kulumpha mpanda kapena ngalande siikubweza.

Mai a mapasa, Kanyama: Abambo inu nonse mukuyankhula ngati mliriwo udzasankha kubwera mu July. Nanga ukabwera mu January? Bwerani kuno ku Kanyama mvula ikagwa usiku wonse. Pansi pano pali thanthwe, madzi salowa m'nthaka, amangodikha m'njira mpaka m'mawondo. Zimbudzi zimasefukira n'kusakanikirana ndi madzi omwewo. Nsapato yanu ya nsalu idzamwa zonsezo musanafike n'komwe pa Los Angeles Road. Ndipo m'madzi akuda suona chimene chili pansi, kaya ndi dzenje, kaya waya, kaya chimodzi mwa zinthu zija, mazombi, chagona m'matope. Ine ndi majombo a mphira basi. Amafika pafupi ndi bondo, ndipo palibe dzino lingaboole msanga.

Wothamanga wa ku Kalingalinga: Amai, majombo a mphira mungathamange nawo mamita angati? Alibe zingwe, chidendene chimatuluka pa sitepe iliyonse. Matope akaligwira jombo limatsala, inu n'kupitirira ndi sokosi.

Mai a mapasa, Kanyama: Ine ndili ndi mwana kumsana ndi wina kudzanja, achimwene. Kuthamanga kwanga n'kotani? Changa n'choti ndikafike mapazi ali athunthu.

Namwino wa ku Matero: Mai a mapasa ali ndi mfundo ndipo tisaidumphe. Ife a mu Lusaka mliri weniweni tinauona. Kolera ya 2017 mpaka 2018 inachititsa kuti asilikali alowe m'misewu kudzayeretsa mzinda, ndipo ku Kanyama anaika lamulo loletsa kuyenda usiku. Ina inayamba mu October 2023, bwalo la National Heroes linasanduka malo ochizira odwala, masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka February 2024, ndipo dziko lonse tinataya anthu oposa 700. Ogwira ntchito m'malo ochizira kolera amavala majombo a mphira pa chifukwa chimodzi: umatha kuwaviika m'madzi a klorini n'kuchotsa zonse zomwe waponda. Nsapato ya nsalu kapena ya chikopa sungaiyeretse chonchi. Ngati matenda a mazombi amayenda m'magazi ndi m'malovu, ndiye magazi omwe waponda mumsewu ndi nkhani yaikulu, makamaka ngati uli ndi bala kuphazi.

Koma majombo omwewo ali ndi vuto lawo. Mphira satulutsa thukuta. Madzi akunja salowa, koma phazi limanyowa ndi madzi akeake. Khungu limayera, limafewa, limayamba kusupuka, pakati pa zala pamachita zilonda. Ndipo madzi akapitirira pakamwa pa jombo, wanyamula ndowa ziwiri kumapazi. Ndi nsapato ya maola ochepa powoloka malo oipa, si ya masiku.

Chinanso chomwe anthu amaiwala: msomali wadzimbiri ungakuphe popanda zombi kukukhudza. Kafumbata amalowera pa bala lakuya lomwe lalowa dothi, ndipo zipatala zikatsekedwa palibe amene adzakubaye jakisoni. Aliyense afunse za katemera wake lero, zinthu zikadali bwino.

Msilikali wopuma, Chilenje: Ana anga, ndawerenga zonse. Mukukangana za mtundu wa nsapato, koma palibe amene wafunsa funso loyamba lomwe ife tinkafunsidwa tisananyamuke ulendo wautali wapansi: nsapato yomwe wavalayo, phazi lako likuidziwa?

Nsapato yatsopano, ngakhale ikhale yodula bwanji, imadya munthu tsiku loyamba. Chikopa chimakhala chisanathyoke pomwe phazi lako limapindikira, kumbuyo kumakhala kolimba, ndipo pakangotha maola awiri kapena atatu chidendene chatentha. Kutenthako ndi chenjezo. Ukapitiriza, patuluka thuza. Thuza likaphulika umayamba kutsimphina, ukatsimphina katundu yense amapita ku mwendo winawo, bondo limayamba kupweteka, ndipo munthu yemwe m'mawa ankayenda makilomita 5 pa ola madzulo akukwawa awiri. M'nkhani yanu ya mazombi, amene amagwidwa ndi ameneyo. Ndinaona anyamata amphamvu, otha kunyamula mnzawo paphewa, akukhala pansi m'mbali mwa njira misozi ili m'maso chifukwa cha bala losaposa kobidi. Choncho amene akuganiza kuti tsikulo adzathyola sitolo pa Cairo Road n'kutenga jombo yabwino, akudzikonzera tsoka. Nsapato yopulumukira ndi yomwe ili kale pakhomo pako, yomwe wayenda nayo miyezi, yomwe ukudziwa pomwe imakufinya ndi pomwe siikufinya.

Chachiwiri ndi sokosi, ndipo ndikanakonda mwana wa ku Chelstone akanafunsa za izi poyamba. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, 1914 mpaka 1918, asilikali masauzande ambiri anachotsedwa kunkhondo popanda chipolopolo kuwakhudza. Ankaima m'maenje a madzi ozizira masiku ambiri osavula majombo, mapazi n'kuchita dzanzi, kutupa, kenako kuyamba kuola, ena mpaka kudulidwa. Chomwe chinachepetsa vutoli si jombo yatsopano ayi. Akuluakulu analamula kuti mapazi aziyenderedwa tsiku ndi tsiku, aliyense azisintha sokosi zouma ndi kupaka mafuta. Lusaka ili pamwamba, mamita oposa 1,200, ndipo usiku wa June ndi July kumazizira mokwanira kuti phazi lonyowa livulale.

Ndiye tengani sokosi zosachepera mapeyala atatu. Zathonje zimasunga madzi, zaubweya kapena zosakaniza ndi nayiloni ndi zomwe zimathandiza. Imodzi kuphazi, imodzi yochapidwa ikuuma pamwamba pa chikwama, imodzi youma m'pulasitiki yosungira usiku. Mukapuma, vulani, pukutani pakati pa zala, yang'anani pofiira. Pofiirapo matanipo pulasitala thuza lisanatuluke. Vaseline pang'ono pa chidendene ndi pa zala amachepetsa kukhulana. Dulani zikhadabo lero.

Mukandikakamiza kusankha mtundu, nditenga jombo ya chikopa yopepuka, yofika pamwamba pa kakolo, yomanga ndi zingwe, yopanda chitsulo. Koma mwana wa ku Kalingalinga akatenga nsapato yake yothamangira yomwe waizolowera, adzandipitirira, ndipo sindingamutsutse.

Mnyamata wa ku Chelstone: Amalume, zikomo. Koma pa kuvula paja sindikugwirizana nanu. Usiku zinthuzo zikathyola chitseko, nthawi yomanga zingwe udzaipeza kuti? Ine ndingagone nazo kumapazi.

Msilikali wopuma, Chilenje: Usiku umodzi ungatero. Usiku wachitatu phazi lidzakhala litayamba kununkha ndi kusupuka. N'chifukwa chake munthu sayenda yekha. Wina alondera atavala, enawo avula n'kugona nsapato zili pamutu, zingwe zitamasulidwa kale, pakamwa potsegula. Mukasinthana. Ndipo m'mawa uliwonse gogodani nsapato musanalowetse phazi, kuthengo chinkhanira chimakonda malo ofunda ngati amenewo.

Wa wilibala pa Soweto: Bwana msilikali anena zoona. Ine ntchito yanga ndi kukankha katundu kuchoka pa msika wa Soweto kupita ku City Market, ku Kamwala, nthawi zina mpaka ku siteshoni ya mabasi ya Intercity. Tsiku lonse ndili pamsewu. Onani zomwe ife timavala: palibe amene amavala jombo yolemera. Ambiri ndi nsapato zakale za salaula zofewa, zomwe tazisoketsa kangapo. Koma ndiwonjezere chimodzi chomwe simunatchule, phokoso. Patapata amaomba chidendene, amamveka patali usiku kukakhala zii. Majombo a mphira amachita phwa phwa. Nsapato ya ofesi ya chidendene cholimba imagogoda pa tala. Ngati zinthuzo zimatsata phokoso monga amaonetsera, mphira wofewa ndi amene angakubise.

Mwana wa kumudzi, tsopano ku Mtendere: Nanga bwanji osavala chilichonse? Agogo athu ankayenda kuchoka kum'mawa kupita ku migodi ya ku Southern Rhodesia (Zimbabwe wa lero) wapansi. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana marathon ya Olympics ku Rome mu 1960 alibe nsapato. Phazi silitha ngati mphira, limadzikonza lokha.

Namwino wa ku Matero: Mlongo wanga, Bikila yemweyo anapambananso ku Tokyo mu 1964 atavala nsapato. Ndipo ku Rome ankathamanga mumsewu wokonzedwa, wopanda mabotolo osweka. Phazi la munthu yemwe wakula osavala limakhala ndi chikopa chake chokhuthala, zoona, koma lako lakhala mu nsapato zaka zingati tsopano? Chikopa chija chimatha. Yesa kuponda tala wa Lumumba Road masana a October uone. Kuwonjezera apo njoka zina za m'mimba zimalowera pakhungu la kuphazi, matekenya nawonso, osanena za magazi omwe tanena aja.

Wosoka nsapato pa Kamwala: Ndilowepo ine, chifukwa zonse mukutchulazi zimathera pa benchi langa. Nsapato zambiri za masiku ano chopondera chake n'chomata ndi guluu basi. Guluu amaopa zinthu ziwiri, madzi ndi kutentha. Mukayenda m'madzi tsiku lonse, madzulo n'kuiyanika pafupi ndi mbaula, mawa lake yayasama kutsogolo. Chikopa nachonso chikauma ndi moto chimalimba n'kung'aluka. Nsapato yonyowa chotsani kansalu ka mkati, ikanimo nyuzipepala kapena udzu wouma, iume pamphepo.

Chenjezo lalikulu ndi la majombo okwerera mapiri omwe amabwera m'mabelo a salaula. Pamaso amaoneka atsopano, timano tapansi tosadyeka. Koma ambiri pakati pa chopondera ndi chikopa pali thovu la polyurethane, ndipo thovu limeneli likakhala zaka zambiri m'kabati limaola lokha ndi chinyezi cha mumpweya. Munthu amagula mosangalala, kuyenda nayo pang'ono, pansi ponse n'kuyoyoka ngati chigumu chouma. Zimenezi sizisokeka, palibe pogwira ulusi. Pogula kanikizani ndi chikhadabo m'mbali mwa chopondera, pindani nsapatoyo mwamphamvu. Mukaona timing'alu kapena ufa ukutuluka, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo.

Chomwe ndingalangize aliyense pano n'chotchipa: nsapato yomwe mwaizolowera ija, ibweretseni kwa wosoka aliyense aizungulize ulusi wa nayiloni isanayambe kumatuka. Yosokedwa ingathe pansi, koma siikusiyani panjira. Ndipo m'chikwama muikemo singano yaikulu, ulusi ndi zingwe zapadera. Zipi ikafa kuthengo yafa, koma chingwe chikaduka umamanga mfundo, kapena kudula waya wa magetsi n'kulowetsa.

Womanga nyumba wa ku John Laing: Amisiri, nanga nkhwayira za matayala? Magalimoto osiyidwa adzakhala mbwee, matayala aulere.

Wosoka nsapato pa Kamwala: Zimenezo ndiye nsapato za chaka chachiwiri, zogula zonse zikadzatha. Tayala silitha msanga, munga sulowa. Koma matayala ambiri a magalimoto a lero ali ndi mawaya achitsulo pansi pa mphira wopondera msewu, mpeni wamba sudula, ndipo mawayawo akatuluka amabaya phazi. Funani tayala la njinga yamoto kapena lakale la ulusi, kapena dulani m'mbali momwe mulibe waya. Malamba ake ndi chubu. Vuto lake zala ndi kakolo zili pamtunda.

Mnyamata wa ku Chelstone: Apo ndi pomwe ine ndikubwererabe. Kakolo. Zina mwa zinthuzo zimakhala zothyoka miyendo, zimakwawa mu udzu kapena pansi pa galimoto. Sizikuluma paphewa, zikuluma pa mwendo. Nsapato yothamangira imathera pansi pa kakolo. Achimwene a ku Kalingalinga, pamenepo muyankha bwanji?

Wothamanga wa ku Kalingalinga: Pamenepo wandigwira, koma yankho lake si kusenza chitsulo makilomita 45. Tchinga mwendo padera. Dula chubu cha galimoto kapena miyendo ya jinzi yakale, kulunga kuyambira pa nsapato mpaka pansi pa bondo, manga ndi lamba. Ngakhale zotchingira miyendo za mpira zingathandize kutsogolo. Ukafika poyera pomwe ukuona patali, umasula kuti mwendo upume.

Msilikali wopuma, Chilenje: Zimenezo n'zanzeru, ndipo zithandizanso pa njoka. Mukadzasiya tala n'kulowa m'tchire kupewa misewu, mphiri ndiye mdani. Siithawa ikamva mapazi, imangogona panjira, ndipo imaluma m'munsi mwa mwendo. Kwa amene akuganiza zopita kwawo ku Chipata, dziwani kuti ndi makilomita oposa 550. Mukadutsa Rufunsa muli mapiri a Manenekela, kenako kutsikira ku mlatho wa Luangwa komwe kumatentha koopsa. Potsika ndi pomwe zala zimagunda kutsogolo. Nsapato ikhale ndi mpata wa chala chachikulu cha kudzanja kutsogolo kwa zala, ndipo poyesa muziyesa madzulo phazi litatupa, mutavala sokosi yomwe mudzayende nayo.

Mai a mapasa, Kanyama: Zonsezi ndamva, ndipo majombo anga ndiwamangirira pa chikwama m'malo mowavala ulendo wonse. Koma palibe amene wanena za ana. Anga ali ndi nsapato za sukulu za Bata ndi patapata basi. Phazi la mwana limakula miyezi yochepa, nsapato ya January pofika September yathina. Ndiye ndiwagulire zazikulu?

Namwino wa ku Matero: Nsapato za sukulu zachikopa zomanga ndi zingwe ndi zabwino kuposa momwe mukuganizira, amai. Amazivala masiku asanu pa sabata, mapazi awo akuzidziwa, zala n'zotsekedwa. Musagule zazikulu kwambiri, mwana amapunthwa nazo ndipo phazi likamaseweramo matuza amabwera msanga. Saizi imodzi pamwamba ndi sokosi ziwiri n'zokwanira. Chofunika n'choti mwana sanena msanga kuti akumva kuwawa, makamaka akaona akulu ali ndi mantha. Muziwavula nokha n'kuyang'ana.

Chimodzimodzi okalamba odwala shuga. Ambiri mapazi awo anachita dzanzi, kamwala kangalowe mu nsapato n'kuboola khungu iwo osamva kanthu, ndipo bala la munthu wa shuga limachedwa kupola. Amene muli ndi makolo otere, mapazi awo ndi udindo wanu madzulo aliwonse, ngakhale lero kulibe mazombi.

Wa wilibala pa Soweto: Funso lovuta, anamwino. Nsapato zanga zathera panjira, ndapeza munthu wagona wafa, kuphazi kuli jombo yabwino. Nditenge?

Namwino wa ku Matero: Ngati anafa ndi matendawo kapena nsapatoyo ili ndi magazi, ayi, ngakhale mapazi akuwawe bwanji. Iwe uli ndi matuza otseguka, ndipo chikopa ndi nsalu ya mkati zimamwa madzi a m'thupi. Za mphira zokha ndi zomwe ungatsuke ndi klorini n'kukhulupirira. Bola kulowa m'nyumba yosiyidwa n'kufuna zomwe zili pansi pa bedi.

Mnyamata wa ku Chelstone: Chabwino, chitsulo ndachisiya. Koma chotchinga msomali chija chikundikokabe. Amalume omanga, palibe jombo yokhala ndi chotchingacho koma yopepuka?

Womanga nyumba wa ku John Laing: Zilipo. Zina zatsopano kutsogolo amaika pulasitiki yolimba m'malo mwa chitsulo, ndipo pansi amaika nsalu yolukana kwambiri yomwe msomali suboola msanga. N'zopepukirapo ndipo zimapindika. M'masitolo a zovala za kuntchito ku Kamwala ndi ku mafakitale ungazipeze, yang'ana chilembo P kapena S3 pa lilime la nsapato. Koma kapu ya kutsogolo, kaya ndi ya pulasitiki, siitanukabe, ndiye ngati phazi lako ndi lotambalala usaikakamize. Ukagula uyambe kupita nayo kuntchito, kutchalitchi, kumsika, mvula ndi dzuwa, mpaka ithyoke pomwe phazi lako limathyokera.

Wosoka nsapato pa Kamwala: Ndipo usanaivale koyamba uipake mafuta a chikopa m'misoko monse, osati polishi wongowalitsa. Ikatha mwezi ubwere nayo ndiione pomwe yayamba kudyeka. Chidendene chikamadyeka mbali imodzi timaikapo kachidutswa ka tayala msanga, chisanayambe kukupotoza bondo.